Khoma Silithawa: Mbiri ya Mayi Tiyesekaye

Anamalira nonse, amene tikuwaperekeza lero ndi injiniya wa madzi ndi makina a m'nyumba zikuluzikulu, mayi omwe tonse tinkawatcha a Tiyesekaye. Ine ndinali wachiwiri wawo kuntchito, ndipo achibale andipempha kuti ndiwerenge mbiriyi.

Malemuwa anabadwa m'chaka cha 1968, ndipo anali achisamba. Anakulira m'nyumba yosanja, m'chipinda cha pamwamba penipeni, kumene mpopi unalipo koma unkangotulutsa mphepo. Madzi ankathera kwa okhala pansi. Asanapite kusukulu ankakwera masitepe atasenza ndowa, ndipo mpopi umenewo sanaukhululukire moyo wawo wonse.

Atamaliza sekondale anaphunzira uinjiniya, m'kalasi momwe mkazi anali iwo okha. Ena mwa anyamata omwe ankawaseka ndikuwaona pano atamera imvi, ndipo akudziwa amene ankawathandiza masamu.

Mu 1995 anamanga banja ndi bambo atelala omwe akhala kutsogoloku. Bambowa amanena okha kuti tsiku loyamba kuwachezera, mayiwa anayamba akonza mpopi wa kukhitchini, kenako ndi pomwe anamuyang'ana mwini nyumba.

Nyumba ikamangidwa, anthu amayamikira makoma ndi magalasi. Ntchito ya malemuwa inali zobisika m'kati: mapaipi a madzi akumwa, a zonyansa, ozimitsira moto, mapampu, mathanki ndi makina olowetsa mpweya wabwino. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti paipi isabisidwe m'khoma tisanaipope madzi mwamphamvu n'kuona ngati ikudontha. Kontirakitala akabwera ndi liwiro, iwo ankangoti, "Tiyese kaye, bambo, khoma silithawa." Dzina lija linachokera pamenepo. Sankapsatira mawu, ndipo nafenso anzawo ankatitopetsa, sindinama pamaliro. Koma nyumba zawo sizinagumulidwepo pofufuza pomwe pakudontha.

Kumpingo anali a komiti ya zomangamanga. Abusa anasiya kudandaula akawaona akutuluka ulaliki uli mkati, pakuti ankadziwa kuti amva thanki ikusefukira.

Chaka chathachi anayamba kudwala mtima, iwo n'kumati pampu yatopa. Nthawi imeneyo tinali pa ntchito yomwe anaikonda kuposa zonse, chipatala chosanja cha amayi oyembekezera. Wodi ya ana obadwa masiku asanakwane ili pamwamba penipeni, ndipo anatsimikiza mtima kuti namwino asadzakwere masitepe ndi ndowa ngati momwe iwo ankachitira. Miyendo itakana, tinkawatengera mapulani pabedi. Ntchito inali itachedwa, ndipo omanga anafuna kumata makoma a pamwambawo tisanayese. Mawu awo omaliza kwa ine sanali okhudza maliro kapena ana. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, musalole atseke." Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Dzulo, anzathu akukonzekera mwambo uno, ife tinapita kukayatsa pampu. Madzi anakwera mpaka pamwamba. Koma titawonjezera mphamvu, polumikizira pena panayamba kudontha, pamwamba pa malo omwe adzagone ana akhanda aja ndi makina awo a magetsi. Ine ndinalira kuposa momwe ndinalirira tsiku lomwe anatisiya. Tikanatseka, dontho limenelo likanadzapezedwa ndi mwana.

Choncho ntchito yawo sinathe, ndipo ndikunena pamaso pa bokosi lino, a kontirakitala akumva poti ali pakati pathu: makoma aja akhala otsegula. Lolemba tikamasula, tikalumikiza, tikayesanso. Pakadontha tikayesanso kachitatu. Pulasitala adikira.

Malemuwa asiya amuna awo, ana aamuna awiri, mwana wamkazi yemwe akuphunzira ntchito yomweyi ndipo wayamba kale kutitsutsa, mdzukulu mmodzi, alongo awo atatu, mng'ono wawo, ndi mayi awo owabereka omwe lero amatunga madzi m'nyumba.

Mayi Tiyesekaye, ndowa ija itulidwe tsopano, zotsalazo tikweza ndife. Apumule mu mtendere.