Mapolo atatu amene ndinasuntha pa Ulongwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse kumene muliko. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndiye mundikhululukire, ndilemba mmene ndimayankhulira. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatsala pang'ono kutsekeredwa, nthawi ya chipani chimodzi ija, chifukwa cha mapolo atatu a lamya.

Kwathu ndi kwa Nsamala, ku Balaka. Ndinayamba ntchito ngati wokumba maenje, kenako anandikweza kukhala kapitawo wa gulu lodzala mapolo. Ntchito yake imayenda chonchi: amatsogola ndi injiniya, kuyeza ndi makina ake n'kumakhoma zikhomo zopaka utoto wofiira. Pamene pali chikhomo m'pamene pakhale polo. Ife kwathu kunali kukumba basi, osafunsa.

Chaka chimenecho tinkakoka mzere wochokera ku Liwonde kupita ku Ulongwe. Titayandikira pa Ulongwe ndinapeza zikhomo zitatu zalowa m'kankhalango. Nditalowamo ndinaona mitumbira, ina itatsala pang'ono kufafanizika. Anali manda a Asilamu, opanda simenti, ndiye mwina injiniya uja anangoona ngati ndi tchire wamba. Ine ndikumbe dzenje pamene pagona munthu? Iyayi. Nanga kupita kukauza bwana wathu kuti pepala la mapu la injiniya lalakwika, masiku amenewo akanayerekeza ndani?

Ndiye ndinangozula zikhomozo n'kukazikhoma panja, chakumsewu. Ndinadziona wanzeru zedi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mzere ukakhota, mawaya amakokera polo ya pakona mbali imodzi, ndipo imafunika sitei, waya wokhuthala woimangirira pansi chakumbuyo. Papepala mzere unali wowongoka, ndiye sitei sanatumize n'komwe.

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Nthaka inafewa, polo ya pakona inagwa n'kukoka mapolo ena awiri aja, mawaya n'kuduka. Tsoka lake, sabata yomweyo kunkabwera akuluakulu a boma kudzayendera mbewu m'minda, lamya ili zii. Pamsika anthu anayamba kunong'ona kuti pali wina wachita dala. Amene munalipo nthawi imeneyo mukudziwa. Dzina loti woukira likakugwera kunalibe khoti, kunalibe kufunsa, ndipo abale ako ankaopa ngakhale kutchula dzina lako.

Bwana atandiitana ndinanama. Ndinati ndinakumba pamene ndinapeza zikhomo. Tchimo limenelo ndikuliulula pano, sindibisa. Iwo anangoti Lachisanu ndikapezeke pamalopo, injiniya abwera ndi pepala lake pamodzi ndi apolisi.

Lachinayi ndinapita kumudzi. Mayi akunyumba, a Nasibeko, nditawafotokozera sanalire pamaso pa ana, anangotenga bulangete n'kuyamba kusoka pong'ambika kuti ndikafunde kumene ndikupitako. Anzanga a kumpingo atamva mphekesera ankandidutsa patali. Sindikuwadzudzula, nanenso ndikanatero. Ndinalowa m'munda, kugwada pakati pa chimanga, koma pemphero lenileni linandikanika. Ndinkangobwereza kuti, Ambuye, ana asanu awa ndiwasiyira yani? Ndinkadzifunsanso kuti kodi ndinalakwa pati kwenikweni, posuntha kapena ponama? Mpaka lero ndimati ponama.

Lachisanu masana injiniya anatambasula tepi yake, anayeza, n'kundiyang'ana. "A kapitawo, zikhomo zanga zinamera miyendo?" Ndinavomera kuti ndinasuntha ndine. Wapolisi anatulutsa cholembera.

Nthawi imeneyo anthu anali akuweruka ku mzikiti. Tinangoona gulu la azibambo a mikanjo likubwera, patsogolo pali mkulu wina wogulitsa matemba pamsika, Che Saidi. Ine ndinali ndisanayankhulanepo nawo, ndipo ndinene zoona, masiku amenewo Asilamu ndinkawaona ngati anthu akutali ndi Mulungu. Iwo anapereka moni bwinobwino n'kunena kuti, "Bwana, musanalembe, tabwerani muone kaye."

Anawalowetsa m'kankhalango muja n'kumaloza. "Apa agona bambo anga. Apa mkazi wanga woyamba. Chikhomo chanu chinali apa, pachifuwa pawo penipeni. Ife tinachiona koma tinaopa kuyankhula. Achimwene awa anachizula tikuwaonera kuseri kwa mitengo. Ngati mukuwatenga, galimoto yanu ikhale yayikulu, chifukwa tonse amene tinakondwa tili pano."

Abale, injiniya anayang'ana mitumbira ija n'kuvula chipewa. Anatembenukira kwa wapolisi n'kunena kuti pepala lake silinaonetse manda, ndipo chagwetsa polo ndi mvula ndi kusowa kwa sitei, alembe choncho. Wapolisi anayang'ana gulu lija, anayang'ana ine, n'kulemba.

Azibambo aja anakwinya mikanjo yawo yoyera n'kulowa m'matope. Tinagwirira limodzi zingwe, kudzutsa mapolo onse atatu, injiniya mwini wake n'kundionetsa pokumba dzenje la sitei. Okwera m'mwamba analumikiza mawaya, ndipo dzuwa lisanalowe lamya inali ikulira pa Ulongwe.

Ukapitawo anandilanda, ndinabwerera kokumba maenje, ndipo zinali zoyenera. Koma Loweruka ndinalowa pakhomo panga ndi miyendo yanga, ana akundithamangira osadziwa kanthu.

Ndikuthokoza Yehova amene anamva pemphero loduka-duka la munthu wabodza ngati ine. Inu amene mwapanikizika lero, anzanu akukuthawani, musaleke kugwada ngakhale mawu akukanike. Nenani zoona, ngakhale mochedwa. Ndipo musamusankhire Mulungu khomo lotulutsira thandizo. Ine ndinkayang'ana kutchalitchi, koma langa linatulukira mu mzikiti. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.