Tiyi wa a Tcheya

Lamulungu lina masana m'chaka cha 1990, a Aloysius, tcheyamani wa bungwe la Amalawi a ku Troyeville, mumzinda wa Joni, anakhala m'galaja momwe ankachitira misonkhano, atavala jekete ndi tayi, akuyang'ana mabenchi opanda anthu. Kenako chitseko chinalira, ndipo analowa a Binali, telala wa ku Mangochi, munthu amene ukamufunsa ngati ali ndi wotchi amangoti "inde" n'kupitirira.

"Anzanu ali kuti, a Binali?"

"Ali kumene ali, a Tcheya. Ine andituma."

"Akutumani chiyani?"

"Kuti m'bungwe muno muli munthu amene wachotsedwa paudindo. Akuti saona."

A Aloysius anawongola tayi, mtima uli myaa. Nkhani zochotsa anthu ankazikonda, ngakhale zinawadabwitsa pang'ono kuti imeneyi yaphikidwa iwo kulibe.

"Dzina lake ndi a..."

"Haikona! Musatchule!" anatero a Aloysius atakweza chala. "Mtsogoleri sauzidwa, amadziwa yekha. Ine Joni yonseyi ndimaiona ngati chikhatho changa. Saona? Ndi madala Nasibu. Anagwera m'ngalande pa khisimisi paja."

"A Nasibu anagula magalasi."

"Liti?"

"Chaka chatha. Munawauza kuti anenepa."

A Aloysius anatsokomola. "Ndinkawayesa. Chabwino, wachita chiyani munthuyu?"

"Akuti samvanso."

"Ehee! A Sidi amenewo. Makutu anawasiya kumgodi."

"A Sidi ndi amene anena kuti munthuyo samva."

"Ndiye kuti ndi gonthi weniweni! Pitirizani."

A Binali anavula chisoti, anayang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. "Munthuyo anatuma Maliki kuti akalandire anyamata awiri ochokera kumudzi pa Park Station. Anyamatawo anadikira mpaka apolisi anawafunsa mapepala. Anagona m'chitokosi."

"Ulesi wa Maliki umenewo! Muitaneni."

"Ndi kutali."

"Kutali kuti? Ku Bertrams pompa?"

"Ku Machinga. Anabwerera kwawo kalekale. Munthuyo anatuma benchi."

Apa a Aloysius anacheukira benchi la pakona. Anakumbukira tsiku lina akuloza pakona paja, akunena kuti, "Iwe Maliki, ukapite kusiteshoni," ndipo anasangalala kuti mnyamatayo sanatsutse ngati kale. Komabe anadzilimbitsa mtima: mwina panali winanso amene analoza benchi lomwelo.

"Munthu wotero ndi woopsa," anatero, mawu atatsika pang'ono. "Koma mwina amatanganidwa. Kodi... ndi wamtali?"

"Akaimirira."

"Amavala tayi?"

"Lamulungu."

"Ali ndi dazi?"

A Binali anasuzumira pamutu pa a Aloysius bwinobwino, osafulumira. "Lakula."

"Eish! Ndiye simukanangonena kuti ndine?"

"Munati ndisatchule."

A Aloysius anakhala pabenchi, lomwe lija la Maliki. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. M'malo mwake kunatuluka kaphwete kowawa.

"Taonani ine, Aloysius wa maso anayi! Ndinkati ndikuweta nkhosa, osadziwa kuti ndikuweta matabwa. Nanga anyamata aja anatuluka?"

"Anatuluka. A tcheya atsopano, asanasankhidwe n'komwe, anakachonderera bwana wa kuntchito kwawo, ndiye bwanayo anapita kukawatulutsa."

"Atsopano? Mwasankha kale? Ndani? Iyayi, dikirani, ndinena ndekha... Ayi, basi, tchulani. Kulosera kwandikwana."

"Mayi Elina."

"Elina uti?"

"Akazi anu."

A Aloysius anaseka mpaka kugwira bondo. "A Binali, apa ndiye mwaphonya. Mayi a kunyumba sadziwa n'komwe kuti galaja ino ili kuti. Iwo Loweruka lililonse amangokhala ndi alendo kukhitchini, kucheza za kwaya."

"Munamvapo tikuimba?"

"Tikuimba? Inunso mumakhalapo?"

"Pafupi ndi firiji. Inu mumandipatsa tiyi wopanda shuga."

"Ndiye kuti a Sidi aja, a Nasibu aja, Majidu uja..."

"Komiti yonse."

"Asilamu okhaokha m'kwaya ya tchalitchi, ine osadabwa!" Anadzimenya pachipumi. "Ndinkangoti Mzimu Woyera wagwira ntchito chaka chino."

"Tiyi wanu ndi wabwino," anatero a Binali mowapepesa. "Zimenezo aliyense anavomereza."

Mawu amenewo ndi amene anadzutsa ukali wa a Aloysius. Anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete. Kuchotsedwa akanapirira, koma kuchotsedwera m'khitchini yawo yomwe, ketulo ili m'manja, zimenezo ayi.

"Chisankho chimenecho n'chosavomerezeka! Malamulo ndinapanga ndine. Tcheyamani sachotsedwa iye kulibe."

"Munalipo."

"Ndinali kuti?"

"Pakhomo, ndi thireyi. Dzulo lomweli."

"Chabwino, ndinalipo. Koma anthu anga sangandikane onse. A Nasibu ndi mnzanga wa kumgodi."

"Sanakukaneni. Mavoti anafanana, theka inu, theka mayi. Tinasowa chochita. Ndiye a Sidi anati tibwereze, n'kufunsa mokweza, paja iwo salankhula motsitsa, kuti, 'Ndani akufuna mayi Elina?'"

A Aloysius sanafunikenso kuuzidwa zina. Anakumbukira bwino. Ankalowa ndi makapu pomwe anamva funsolo, n'kuona manja a amuna ali m'mwamba m'nyumba mwawo, akazi awo atakhala pakati akumwetulira. Magazi anawira. Anaika thireyi pansi, n'kukweza dzanja kuposa onse.

"Ndinati chiyani kodi?" anafunsa chapansipansi.

"Munati, 'Ine! Ndipo wina aliyense amene akutsutsa atuluke m'nyumba mwanga muno.'"