Utsi wa Kanyimbi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Rozaliya wa kuno ku Domwe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za utsi umene unatsala pang'ono kundiphera mwana, nthawi ija Apwitikizi akali kutilamula.

Kumtunda kwa mudzi wathu kunkakhala mzungu wina wolima mbatata ya kachewere. Dzina lake silikoma pakamwa panga, ife tinkangomutcha Kanyimbi. Anamanga uvuni wowotchera njerwa, ndipo chifukwa choumira ankaponyamo matayala akutha ndi oyilo wakuda wa m'magalimoto ake m'malo mogula nkhuni zokwanira. Miyezi yozizira utsi uja sunkakwera kumwamba. Unkatsika ndi nkhungu n'kugona pamadenga athu, m'mawa tikalavula malovu ali bii.

Mwana wanga Anjelina anayamba chifuwa. Popuma ankalira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikuchita kulowa m'kati, apo n'kuti bambo ake ali kumigodi ku Joni. Asisitere a kumishoni anandipatsa mankhwala nati, "Amayi, awa ndi ongothandizira. Mwanayu mum'chotse mu utsi." Ndim'chotse ndipite naye kuti? Munda wanga unali pomwepo, manda a mayi anga pomweponso.

Ndinakwera kwa Kanyimbi mwana ali kumbuyo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangokodola kapitawo wake, a Bizaliyo, munthu wa m'mudzi mwathu momwemo amene tinkagwada naye tchalitchi chimodzi. Iwowo anandikokera ku posito, kuboma la Apwitikizi, nandigwira mikono, msupayi, wapolisi wawo, akundimenya mbalamatodya, thabwa lija la zibowo, mpaka zikhatho zinatupa. Mzungu ndinamuda, koma a Bizaliyo ndinawada koposa.

Manja atayamba kupola ndinayenda khomo ndi khomo kupempha amayi anzanga kuti tileke kumutungira madzi oumbira njerwa, pakuti popanda mitsuko yathu dothi lake silikanapondeka. Ananditsekera zitseko. Wina anati, "Inu a Rozaliya, wotsokomola ndi wanu yekha kodi? Musatiputire asupayi." Ndinabwerera mtima ukuwira. Ndinagwira korona m'manja opindika aja n'kumuuza Mulungu mosapsatira kuti ngati makutu ali nawo amve lero, chifukwa mawa ndidzakhala ndikulira maliro. Pemphero langa linalibe ulemu, ndipo sindinalikometse.

Yankho linadza panjira imene sindikanaisankha. Mdzukulu wa a Bizaliyo, khanda loyamwa, anamwalira ndi chifuwa chomwecho. Kwathu kuno pakagwa maliro khasu siligwiridwa, ntchito zonse zimaima mpaka titaika. Koma tsikulo uvuni unali utayatsidwa kale, ndipo Kanyimbi anatuma mawu pasiwa kuti kapitawo akwere msanga akasonkheze moto, pakuti maliro a khanda si maliro. A Bizaliyo anaimirira pakati pa anthu nati, "Kamuuzeni asonkheze yekha. Ine ndasonkhezera mdzukulu wanga, zakwana." Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anakwera kumtunda. Moto unazima pakati, njerwa zonse zinatuluka zosapsa. Titachoka kumanda, amayi aja onditsekera zitseko anavundikira mitsuko yawo pabwalo osauzidwa ndi munthu.

A Bizaliyo anakalandira mbalamatodya yawo ku posito konkuja. Asupayi anabwera kudzatiopseza kuti tayamba mtima wa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, koma mitsuko sinavundukulidwe. Kanyimbi atatukwana n'kutopa anasamutsira uvuni wake kuseri kwa phiri, kumene kulibe nyumba ya munthu. Mvula isanagwe, Anjelina anali akuthamangitsa mbuzi ndi anzake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero laukali la mayi wopanda mphamvu, natsegula njira ndi manja omwe aja amene anandigwira mikono. Sindinama kuti mtima wanga unayera. Kanyimbi sindinam'khululukire, ndipo apadiri, ansembe athu, akudziwa.

Inu amene ana anu akupuma zonyansa za anthu ena, musatseke pakamwa. Gogodani zitseko ngakhale azikutsekerani, pempherani ngakhale mawu atuluke owawa. Chokhacho musadikire monga unachitira mudzi wathu. Anjelina wanga lero amaimba m'tchalitchi mpweya osamuthera, ndipo akayamba nyimbo a Bizaliyo amazyolika, pakuti wawo ali kumanda.