Kagalimoto ka Abwana Katawira M'manja Mwanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kumapiri a tiyi. Ndikufuna ndikuuzeni za mwezi umene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ndi nyumba yomwe, chifukwa cha galimoto imene sindinailakwire.

Ine ndine dalaivala wa mmodzi wa mamanijala pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo banja langa limakhala m'nyumba ya kampani. Kuno ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Abwana angawo anagula kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kaliwiro, kotsika ngati kakufuna kununkhiza msewu. Ine sindinakakonde, pakuti misewu yathu ino ndi ya mathirakitala, koma iwo ankakasamala kuposa munthu. Akafika ku ofesi ankakaimika pamthunzi wa khoma la fakitale kuti dzuwa lisawononge penti.

Tsiku lina anandituma ku Limbe kuti ndikakatenge ku sevisi. Pobwerera, ndili pakati pa chitunda, muvi wosonyeza kutentha kwa injini unakwera mpaka pofiira. Ndinaima, ndinazimitsa, ndipo nditafika ndinafotokoza zonse. Kugalaja anasintha chitsekerero cha radiyeta, kenako themositati imene imatsegulira madzi njira, koma kankawirabe pachitunda chilichonse. Potsiriza anauza abwana kuti gasiketi ya m'kati mwa injini yapsa chifukwa wina anakathamangitsa mopanda chisoni. Winayo sanachite kumufunafuna.

Abwana anandilanda makiyi, nandiuza kuti pakutha pa mwezi ndikhale nditatuluka m'nyumba. Zinandiwawa kwambiri. Ine amene anzanga amandinena kuti ndimayendetsa ngati ndikuperekeza maliro, lero ndatchedwa waliwiro. Mkazi wanga anayamba kumanga katundu, ndipo kumuona akutero kunkandipweteka kuposa mawu a abwana. Ndinkapemphera mwaukali, kumuuza Mulungu chochita, koma kumwamba kunali zii. Nditatopa ndinangoti, Ambuye, Inu munali m'galimotomo, chitani zimene mwaona.

M'mawa mwake ndinapita kumsika wa kwa Goliati kukafuna lole yonyamula katundu wathu. Mwini lole anali Che Saidi, bambo wachisilamu amene amakonza yekha magalimoto ake.

"A Namakhwa, munthu amasamuka mvula ili pafupi chonchi?" anandifunsa.

Ndinawafotokozera. M'malo mondipepesa, anayamba kundipanikiza ndi mafunso. Kodi madzi amachepa mu radiyeta? Kodi oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka? Kodi kamawira potsikanso, kapena pokwera pokha? Nditayankha, anapukusa mutu.

"Gasiketi ikapsa sibisala ayi. Kawauzeni abwana anu asatsegule injiniyo ndisanaione."

Kukagogoda pakhomo la munthu amene wakuthamangitsa si chinthu chapafupi. Ndinapitabe. Ndinauza abwana mawu a Che Saidi, ndipo popeza nawonso ankaopa kutsegulitsa injini, analola.

Che Saidi anafika Lachisanu atachoka kumzikiti. Sanafulumire kumasula kanthu. Analiza injini chitsekerero cha radiyeta chili chotsegula, nayang'ana ngati m'madzimo mukutuluka thovu, koma munalibe. Injini itatentha anagwira mapaipi onse awiri, napeza kuti madzi akuzungulira bwino. Fani nayo inkazungulira. Kenako anaika dzanja kuseri kwa faniyo, nati mphepo ikudutsa ndi yochepa. Anawalitsa tochi kutsogolo, ine ndikusuzumira kumbuyo, ndipo kuwala sikunatulukire.

Tinachotsa bampala. Kutsogolo kwa radiyeta kuli kanzake kakang'ono koziziritsa mpweya wa m'galimoto, ndipo pakati pa ziwirizi, pamene diso silifika, panali chinthu chofiirira chokhuthala ngati bulangete. Che Saidi anang'ambako pang'ono napatsa abwana kuti anunkhize. Anali tiyi.

"Kodi masana kamaima pati, bwana?" anafunsa mwaulemu.

Tonse tinadziwa yankho lake. Pakhoma lamthunzi lija ndi pamene mafani a fakitale amatulutsira fumbi ndi timaulusi ta tiyi. Tsiku ndi tsiku kagalimotoko kankameza zimenezi, chiperoni n'kumazinyowetsa, dzuwa n'kumaziumitsa, mpaka injini inasowa popumira. Titatsuka, abwana anakwera nako okha chitunda chachikulu, muvi uli phee pakati.

Pobwera sanapepese. Anangonditambasulira makiyi n'kunena kuti, "A Namakhwa, mawa mulawirire." Che Saidi anaseka kuti adziphera okha ganyu ya lole. Ine ndinalandira makiyiwo ndi manja awiri.

Ndakhala ndikuganizira nkhaniyi. Ndinapita kwa Goliati nditagonja, kukafuna munthu wondichotsa pamalo, ndipo Mulungu anasandutsa munthu yemweyo kukhala wondikhazika. Sanatume wa mpingo wathu, kapena wina amene ine ndikanamusankha. Ndikumuthokoza chifukwa sanatsate malangizo anga.

Inu amene mukunamiziridwa lero, musaleke kunena zoona, ndipo musaleke kupemphera ngakhale pemphero litatsala la mawu ochepa. Mulungu amaona pakati pamene anthu sayang'ana. Mvula yoyamba itagwa, ndinapeza mkazi wanga kuseri kwa nyumba ndi khasu, akubzala nandolo, mbewu imene munthu sabzala ngati akudziwa kuti akusamuka. Ambuye alemekezeke.