Thimu Yaulere Inandichotsa pa Mgonero

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndi inu achinyamata kumbuyoko, landirani moni m'dzina la Yesu amene satopa ndi anthu ake. Muli bwanji nonse? Ine ndili bwino. Lero ndili bwino ndithu!

Ambiri mumandidziwa. Ndine Nabanda wa konkuno ku Chezi, mkazi wa malemu aphunzitsi a Mbewe. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija munandipatsa chaka chatha. Musazolike, sinditchula munthu. Ndabwera kudzatchula Mulungu.

Ine ndinabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Bowe. Makolo anga anali matenanti ochokera kum'mwera. Ndinakula ndikusoka fodya wa eni, manja ali bii. Amayi anga anakakamira mpaka ndinamaliza Fomu 4, kenako ndinakwatiwa ndi aphunzitsi. Aphunzitsi atatisiya, ndinatsala ndi ana atatu, nkhumba imodzi m'khola, ndi laputopu yakale yothyoka pakona. Pamanda pomwepo ndinalankhula mumtima kuti ana awa sadzasoka fodya wa munthu. Sadzasoka!

Tsono ndifotokoze ntchito yanga, chifukwa pamenepa ndi pamene panasokonekera. Ndili ndi webusaiti, tsamba la pa intaneti. Ndimalembapo za katundu amene ife alimi timamufuna: nyale za sola, mapampu othirira kudimba, zopopera mbewu. Ndimafunsa amene anagula kale, china ndimayesa ndekha, ndiye ndimalemba chilungamo chake. Pansi ndimaika linki. Munthu akadina linkiyo n'kugula, wogulitsa amandipatsa kangachepe. Sindigwira katundu wa munthu, ndimangolozera njira.

Koma webusaiti siyenda yosavala, abale. Imafuna chovala chimene amachitcha thimu, ndicho chimakonza maonekedwe onse. Imafunanso mapulagini, tizida towonjezera: kena kamasunga malinki, kena kamalondera pakhomo kuti akuba asalowe. Zabwino zake ndi zogula, ndipo amagulitsa m'madola. Mayi wamasiye wa ku Chezi madola akawatenga kuti?

Kunabwera alamu anga, a Yohane, ang'ono awo a malemu, kuchokera ku Lilongwe kudzaona ana. Anandipeza ndikulimbana ndi laputopu pakhonde. Anati, "Alamu, mukuvutikiranji? Zimenezi ife m'tauni timangotenga ulere." Anatulutsa foni, anandiikira thimu ndi mapulagini ake omwe. Abale, kukongola kwake! Tsamba langa linaoneka ngati la kampani yaikulu. Ndinawaphera nkhuku a Yohane tsiku limenelo. Sindinadziwe kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinagawa tsambalo kwa amayi a mumpingo uno, kwa alimi a ku Ntchisi, kwa aliyense amene ali ndi foni yotsegula intaneti. Pamwamba pake ndinaika dzina langa ndi chithunzi changa nditavala yunifolomu ya amayi, kuti anthu andikhulupirire. Anthu anayamba kugula. Amandiimitsa pamsewu, "Nabanda, nyale ija tagula, ikuwala bwino!" Ine ndikayang'ana kwanga, palibe chalowa. Miyezi ikupita, palibe chalowa. Ndinkangoti mwina wogulitsa amachedwa, ndipirire.

Kenako linafika tsiku la msonkhano wa amayi. Amayi abusa, chifukwa chondifunira zabwino, anati aonetse anzathu pampu yothirira imene ndinalembapo. Anatsegula tsamba langa pa foni yawo, amayi onse atawaunjirira. Chimene chinatuluka, abale ndi alongo, sindingachitchule m'nyumba ino. Zithunzi za anthu osavala. Zoitanira anthu ku juga. Ndipo pamwamba pa zonsezo, ine Nabanda ndikumwetulira mu yunifolomu yanga! Amayi abusa anakuwa kuti "Yesu wanga!", foni n'kugwera pansi.

Dzuwa lisanalowe, Chezi yense anali atamva. Akuti wamasiye uja wapeza bizinesi. Akuti n'chifukwa chake sapita kuganyu. Mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu akulira, anzake akumufunsa kuti amayi ako amalandira zingati. Zinandipweteka, abale. Imfa ya amuna anga inandipweteka, koma pamaliro anthu anabwera kudzandigwira dzanja. Apa panalibe wobwera.

Anandiitana kubwalo la akulu a mpingo. Amene ankandifunsa ndi a Kachingwe, ali apo akhala kutsogoloku. Ndinawapempha chilolezo choti ndiwatchule, ndipo avomera.

Anati, "Mayi, tsambali ndi la yani?"

Ndinati, "Ndi langa, bambo."

"Nanga chithunzichi?"

"Ndi changa, bambo. Koma zinazo si ine ndinaika."

Anati, "Mayi, chomera m'munda mwanu timafunsa inu. Muyambe mwaima kaye kudya Mgonero. Koma mukatseka chinthu chimenechi, n'kudzapepesa pamaso pa mpingo, tidzakubwezerani msanga."

Njira inali yapafupi, eti? Kutseka, kupepesa, basi. Ndinapita kunyumba ndikuganiza. Ndikatseka, ndavomera kuti zithunzi zija ndinaika ndine. Ana anga adzakhala ana a mayi uja mpaka kukalamba. Ndikatseka, ndabwerera kuzigafa za fodya wa eni, ndipo ana andilondola konko. Ndinabwerera kwa a Kachingwe ndi kuwauza kuti, "Bambo, Mgonero ndikuufuna ndi mtima wanga wonse. Koma sindingapepese tchimo la munthu wina. Tsambali sinditseka, ndilitsuka."

Lamulungu la Mgonero ndinabwera ndithu. Ndinakhala pa benchi yomaliza iyo, pafupi ndi chitseko. Mbale ya mkate inayenda mzere ndi mzere, inafika pa ine, inandilambalala. Chikho chimodzimodzi. Chibatizidwire changa zinali zisanandichitikirepo. Ndinaluma mpango kuti kulira kwanga kusamveke. Pomwepo ndinati, Ambuye, Inu mukudziwa. Sindikupemphani kuti mulange munthu. Ndipatseni mphamvu ndi nzeru zokha, miyendo ndili nayo.

M'mawa mwake ndinakwera kaphiri kakuseri kwathu, kumene netiweki imagwira bwino, n'kuwaimbira a Yohane. Ndinati, "Alamu, zinthu zija munazitenga kuti?" Anayamba kuzungulira. Ndinati, "Alamu, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani." Ndiye anaulula kuti pali gulu lina la pa foni kumene anthu amagawana mathimu ogula atawathyola loko. Anati, "Aliyense amatenga konko, alamu, ine sindinadziwe kuti muli zoipa." Ndinawakhulupirira, chifukwa a Yohane ndi munthu wokonda kutchuka chabe, njiru alibe.

Ndinakhala pamwala pomwepo ndikuwerenga mpaka foni kutentha. Ndinamvetsa tsopano. Wakuba amatenga thimu yogulitsa, amathyola loko, amabisamo kakhomo kake, ndiye amaigawa ulere. Iwe ukaivala, iye amalowa ndi kutuluka m'mene afunira. Ndiye anaika zithunzi zija. Ndiyenso anasintha malinki anga n'kuikapo ake. Nyale zonse zimene munagula zija, abale, kangachepe kake kankapita kwa mbala imene sindidzaiona nkhope. Ine ndinkalima, wina akukolola!

Ndinagulitsa nkhumba. Inali ndi bere, inali chuma chomaliza chimene aphunzitsi anandisiyira. Anthu anati wapenga, akugulitsa nkhumba kuti agule mphepo. Ndinawasiya alankhule. Ndinatsikira ku Dowa Boma, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe kukakonzetsa khadi yakubanki yogulira zinthu kunja. Khadi ndinapeza, koma pogula inakana, akuti madola kulibe. Ndinabwerera. Ndinapitanso, inakananso. Ndinapitanso! Mpaka kondakitala wina ankangoti akandiona, "Amayi a madola, kwerani kutsogolo." Ndalama ya nkhumba ikuphwera m'mathiransipoti, ine mtima uli m'mwamba, koma sindinasiye.

Tsiku limene inalola, ndinali ndaima pakhonde la sitolo ina m'tauni. Foni inangolemba kuti zatheka. Ndinakuwa kuti "Aleluya!" mpaka mlonda wa pamenepo anadzidzimuka. Ndinagula thimu kwa eni ake enieni, pamodzi ndi chilolezo chake. Ndinagula pulagini yolondera pakhomo, ndi ina yosunga malinki. Zakale zonse ndinafafaniza, sindinasiye ngakhale kachidutswa, chifukwa sindinkadziwa kuti nyerere zabisala pati. Nkhani iliyonse ndinailembanso, linki iliyonse ndinaiikanso ndi dzanja langa. Tsamba latsopanolo silinali lonyezimira ngati loyamba lija, koma makiyi ake anali kwa ine ndekha.

Ndinapempha kuonekeranso kubwalo, ndipo ndinapempha kuti amayi abusa akhalepo. Ndinati, "Amayi, tsegulani ndinu, pa foni yanu yomwe ija." Anakana. Ndinawachonderera. Anatsegula dzanja lina litaphimba kumaso, akusuzumira pakati pa zala. Panatuluka pampu yothirira. Anadina pena, nyale. Anadina pena, chopopera. Anadina paliponse mpaka chala kutopa.

Ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozerani apa. A Kachingwe anaimirira. Kenako anati, "Abale, ine chaka china ndinagula mbewu ya chimanga pamsika, yotchipa, m'pepala lokongola. Chinali chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto. Munda unali wanga, manja odzala anali anga, koma bodza silinali langa. Palibe anandiimitsa Mgonero chifukwa cha mbewu ija." Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, tinafulumira."

Sikuti anandibwezera tsiku lomwelo ayi. Anati aliyang'anire kaye tsambalo, ndipo analiyang'anira ndithu. A Kachingwe ankalitsegula m'mawa uliwonse ngati akuyendera dimba. Mapeto ake anagulapo chopopera! Atakhutira, akulu analengeza pamaso pa mpingo kuti andibwezera ku Mgonero.

Lero moyo wanga uli chonchi. Sindine wolemera, musabwere kudzakongola. Koma kangachepe kaja kamafika tsopano, ndipo kamafika kwa ine. Ana onse atatu ali pasukulu, palibe amene wagwirapo singano ya fodya. Chilolezo chija chimafuna kulipiranso chaka ndi chaka, choncho ndimapatula kandalama kake ndisanagule ndiwo. Eni thimu akakonza china amanditumizira, ndikafunsa amandiyankha. M'khola muli kamwana ka nkhumba. Amayi awiri a mumpingo uno ndikuwaphunzitsa ntchitoyi, ndipo phunziro loyamba ndi lakuti munthu akakupatsa chinthu chogula mwaulere, funsa kuti walipira ndani. Achinyamata kumbuyoko, mwamva? Funsani!

Lamulungu lapitali kunali Mgonero woyamba chindibwezereni. Ine mwa chizolowezi ndinakakhala pa benchi yomaliza ija. Amene ananyamula mbale anali a Kachingwe. Anayenda mzere ndi mzere, anafika pa ine, anaima. Manja anga anakana kutambasuka, abale. Iwo sanasunthe. Mpingo wonse ukudikira, iwo ali chiimire. Kenako anawerama n'kunong'ona kuti, "Nabanda, tengani. Sindichoka pano mpaka mutatenga."

Ndinatenga. Ndinadya.

Zikomo Ambuye Yesu, Inu amene munadziwa choona pamene Chezi yense sankachidziwa. Zikomo abusa, zikomo amayi, zikomo akulu a mpingo chifukwa chobweza mawu anu poyera. Lamulungu likubwerali musandifunefune kuchitseko. Ndikhala kutsogolo kuno, mu yunifolomu yanga. Amen.