Umboni wa Selestina Luis pa Imfa ya a Simao ku Mathithi a Mutarazi

Polisi ya Nyabira, Lolemba pa 18 Epulo 1994

Ine, Selestina Luis, wa zaka 57, wokhala pa komboni ya purazi, ndiye kuti famu, yomwe timaitcha kwa Bhurandi ku Trelawney, wogwira ntchito yosankha fodya m'shedi, ndikunena izi:

Omwalirawo, a Simao Januario, ndi amuna anga. Ukwati wathu tinadalitsa ku Katolika ndipo takhala limodzi zaka zoposa makumi atatu. Anabadwira ku Chikowa, m'mbali mwa Zambezi, ku Tete. Anabwera kuno wapansi ali mnyamata, pothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, ndipo sanabwerereko. Mudzi wawo unamira atamanga damu la Kaborabasa. Ine ndinabadwira kuno, pa purazi ina ku Raffingora. Ku Mozambiki sindinapondeko.

A Simao anali khukhi wa banja la a Brandt, eni purazi. Anasiya ntchito chaka chatha maso atachita ng'ala. Ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ankadwalanso mtima, miyendo inkatupa, ndipo mapiritsi tinkakatenga ku chipatala ku Chinhoyi.

Bwana Brandt atamwalira, Madamu anagulitsa purazi. Mwezi watha anabwera ku komboni, anakhala pa mpando pakhomo pathu, n'kufunsa a Simao chimene angawasiyire asanasamuke. Ine ndinawanong'oneza kuti atchule makina osokera. Sanandimvere. Anati, "Madamu, kwathu tinkagona madzi akulira m'miyala. Ndikufuna ndikamveko madzi akugwa." Madamu anati ku Victoria Falls n'kutali kwa munthu wodwala, koma ku Mutarazi, ku Nyanga, munthu atha kupita n'kubwera tsiku lomwelo. Anapangana ndi kampani ina ya ku Harare yoyendetsa alendo kuti itumize galimoto ndi dalaivala, yonyamula ife awiri basi.

Dzulo Lamlungu galimotoyo inafika pa komboni kusanache. Inali Pijo yoyera. Dalaivala anati dzina lake ndi Bizwell Kalino. Ndinali ndisanamuonepo. Anatipatsa moni m'Chishona, koma atamva tikuyankhulana anasinthira ku Chichewa, nati makolo ake ndi a ku Dedza, iye anabadwira pa mgodi ku Mutorashanga. Anatitsegulira chitseko chakumbuyo. A Simao anaima kaye, anasisita mpando ndi dzanja, n'kufunsa ngati palibe chiguduli choti ayale. A Bizwell anati, "Madala, lero bwana ndinu. Khalani."

A Simao anavala suti yakuda imene anawapatsa malemu bwana, ndi chipewa. Ine ndinanyamula bulangete ndi basiketi. M'basiketimo munali nkhuku yokazinga, buledi, tiyi wa m'fulasiki ndi mapiritsi awo. Anthu a pa komboni anatuluka kudzationa tikunyamuka.

Tinadutsa m'Harare kukucha. Ku Marondera tinaima, a Simao anamwa tiyi ndi piritsi lam'mawa. Njira yonse ankafunsa zimene tikudutsa, a Bizwell n'kumawauza. Anakambirana za kaphikidwe ka nsomba, ndipo a Simao anatsutsa a Bizwell pa nkhani yothira tomato ku nsomba yowamba. Anaseka onse awiri. A Simao sanadandaule za m'chifuwa. Titapatuka pa Rusape n'kuyamba kukwera mapiri, anati makutu awatseka ndipo kukuzizira. Ndinawafunditsa bulangete m'miyendo.

Tinafika poimika magalimoto cha m'ma 10 koloko. Panalibe galimoto ina. A Bizwell anati kuchokera pamenepo mpaka poonera mathithi n'poyenda wapansi, njira yotsika, ndipo anafunsa a Simao ngati angathe. Anafunsanso ine. A Simao anati sanavale suti kuti adzakhale m'galimoto. Tinatsika pang'onopang'ono, ine ndawagwira dzanja lamanja, a Bizwell lamanzere. Tinapuma kangapo.

Titafika poonerapo, ine ndinawaona mathithiwo kutsidya kwa phompho. Madzi ake ndi ochepa m'lifupi, koma amagwa kuchokera pamwamba kwambiri, oyera ngati nsalu yoyanika, ndipo pansi pake sindinapaone. Mphepo inkachokera kumbuyo kwathu. A Simao anavula chipewa, anapendeketsa mutu, n'kufunsa, "Ali kuti?" A Bizwell anawagwira mapewa, anawatembenuza kuti ayang'ane kumene kuli madzi. Tinadikira. Patapita kanthawi mphepo inatembenuka, ndipo phokoso linafika, pamodzi ndi tinkhungu tonyowetsa nkhope. A Simao anaimirira osagwedezeka nthawi yaitali. Kenako anati, "Madzi akwathu ankalira kuposa apa. Koma ndi omwewo."

A Bizwell anawauza kuti kumunsi kwa phirilo kuli chigwa cha Honde, ndipo kuseri kwake ndi ku Mozambiki. A Simao anati awatembenuzire kumeneko. Atawatembenuza anandifunsa, "Make Joana, ukuona chiyani?" Joana ndi mwana wathu wamkazi, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Harare. Kumene ankaloza a Bizwell kunali mtambo wokhawokha. Sindinaone kanthu. Ndinawauza kuti ndikuona mapiri, minda, ndi utsi wa m'midzi. Anafunsa ngati chimanga chauma. Ndinati chauma, akukolola. A Bizwell anamva, n'kuyang'ana kumbali.

Tinakhala pa mwala. A Simao anadya kachidutswa ka nkhuku, nati mchere ndachepetsa. Anapemphera Atate Athu m'chinenero cha kwawo. Atatha anati tizipita.

Pokwera, tisanafike pakati pa njira, anaima nati mpweya wawathawa. Anagwira pachifuwa. Kenako anagwada pansi. Pamenepo m'pamene anasupuka bondo lamanzere pa mwala. Palibe anawamenya kapena kuwakankha, ndipo sanagwere paliponse. A Bizwell anawamasula tayi ndi mabatani a shati. Ine ndinawaika piritsi m'kamwa koma silinamezeke. Ndinakhala pansi, ndinaika mutu wawo pamiyendo panga. Anandigwira chala. Anapuma mokoka kangapo, kenako anasiya. Sananene mawu ena. A Bizwell anawasindikiza pachifuwa ndi manja, anawaitana, anaika khutu pamtima. Anachita zimenezi mpaka thukuta linanyowetsa shati yake. Kenako anavula kapusi yake ya ntchito. Ndinawatseka maso ndine.

Panalibe munthu wina m'njiramo. A Bizwell anawabereka kumsana kukwera nawo mpaka pa galimoto. Ine ndinkabwera pambuyo ndi chipewa, nsapato imodzi imene inavuka, ndi basiketi.

Pa galimoto a Bizwell anati tipite ku polisi ndi ku chipatala cha kufupi, chifukwa lamulo sililola kuyenda ndi maliro popanda chilolezo. Ananena zimenezi momveka, ndipo anabwereza. Ine ndinakana.

Ndafunsidwa chifukwa chimene ndinakanira. Ife tilibe mudzi woti tingapiteko. Kumbuyo kwa mabulugama a pa purazi kuli manda a antchito, ndipo kumeneko kuli ana athu awiri, Luis ndi wina amene anapita asanabatizidwe. Mwezi ukatha purazi ikhala ya mwini wina, ndipo palibe watiuza ngati adzalola maliro. Chaka chapitacho bambo wina wa pa komboni pathu, a Tickey, anamwalirira ku chipatala chakutali. Abale anachedwa kupeza galimoto, ndipo pofika anapeza ataikidwa kale pamodzi ndi anthu osadziwika. Mpaka lero mkazi wawo sadziwa pamene ali. Ine ndinalibe njira yodzawatengera a Simao ku Nyanga.

Ndinagwada patsogolo pa a Bizwell. Anati, "Amayi, dzukani. Ndili ndi ana anayi. Ntchito yanga ithera pamenepa." Ine ndinati, "Mwanangu, anakutumani kuti mutitenge awiri, mutibweze awiri." Anachoka, anakaima m'mbali mwa msewu atandifulatira. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Atabwera anatsegula chitseko chakumbuyo. Sindinamulonjeze kanthu, ndipo iye sanapemphe kanthu.

Tinawakhazika a Simao pamalo pomwe anakhala pobwera. Ndinawamanga chibwano ndi duku langa, ndinawaveka chipewa, n'kuwafunditsa bulangete mpaka pamphuno. Ndinakhala pambali pawo, mutu wawo uli paphewa panga. Zonsezi ndinachita ndine. A Bizwell anangothandiza kuwanyamula.

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Pa Rusape tinaima kuthira petulo. Wothira petulo anasuzumira pa windo nafunsa m'Chishona ngati sekuru, kutanthauza agogowo, atopa. Ndinati atopa. Anati ndisawadzutse. Kuchokera pamenepo sitinaimenso. A Bizwell sanatsegule wailesi. Ine ndinkapemphera kolona. Titadutsa Marondera dzanja lawo linali litazizira, ndipo zala sizinkapindikanso. M'Harare a Bizwell anafunsa ngati tidzere kwa Joana. Ndinati ayi, akaona alira, anthu asonkhana.

Dzuwa likulowa tinapeza apolisi atatseka msewu titangodutsa Nyabira, chifukwa cha holide ya lero yokumbukira ufulu. Galimoto zinali pamzere. Wapolisi wina anapempha laisensi kwa a Bizwell, anaiona, n'kubweza. Kenako anasuzumira kumbuyo napempha zitupa zathu. Ndinapereka zonse ziwiri. Anayang'ana chithunzi cha a Simao nati akufuna aone nkhope. Ndinati agona, akudwala. Anati ndiwavule chipewa pang'ono chabe. Sindinatero. A Bizwell anazimitsa injini, anatuluka, n'kuuza wapolisiyo kuti madalawo amwalira masana ku Mutarazi ndipo ndi iye wawayendetsa. Za ine sanatchule. Wapolisiyo anavula chipewa chake, naitana mkulu wawo.

Kuchokera pamenepo kukafika pa geti la purazi sipakwana ola limodzi pa galimoto.

Anatibweretsa pa polisi pano. Mtembo anautengera ku mochale. Apolisi anatsekera a Bizwell m'chitokosi. Ine anandipatsa benchi ndi bulangete mu ofesi, ndipo wapolisi wamkazi anandipatsa tiyi. Apolisi anaimbira foni Madamu. Lero m'mawa Madamu abwera pamodzi ndi Joana. Madamu anena kuti manda akumbidwe, purazi ikadali m'manja mwawo. Akulu a polisi andiuza kuti dokotala ayeza thupi mawa, holide ikatha, ndipo akapeza kuti ndi mtima atipatsa mtembo ndi chilolezo.

Ndafunsidwa ngati a Simao anadya kapena kumwa china chake chochokera kwa dalaivala. Ayi. Zonse zimene anadya ndinaphika ndine, ndipo ifenso tinadyako. Ndafunsidwa ngati panali mkangano m'galimoto. Panalibe, kupatula wa nsomba uja. Ndafunsidwa ngati dalaivala anatiumiriza kutsika kupita ku mathithi. Ayi, anafunsa kaye, ndipo a Simao anasankha okha. Ndafunsidwa ngati ndinkadziwa kuti kuyenda ndi maliro motero ndi mlandu. Ndinkadziwa, chifukwa a Bizwell anandiuza. Ngati pali woti aimbidwe mlandu, ndine.

Cha m'ma 9 koloko m'mawa uno kwabwera bambo wina wa ku kampani ija ndi dalaivala wina. Atenga galimoto. Ndinali pa benchi ndipo ndinamva akuuza a Bizwell, pamaso pa apolisi, kuti asadzafikenso ku ntchito. Anamuvula jekete ya kampani ndi kapusi. Madamu anawatsatira panja kukawayankhula, koma anabwera akupukusa mutu.

Pamene ankamubwezera m'chitokosi, a Bizwell anadutsa pafupi ndi benchi. Ndinaimirira. Ndinafuna kuyankhula koma iye anayamba. Anati, "Amayi, tsiku loika mundiuze. Madala aja ndinawabereka kumsana, ndiyenera kudzaponyako dothi."

Ndikupempha kuti amutulutse tsikulo lisanafike.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndi zomwezi. Ndayankhula m'Chichewa, andiwerengera zonse, ndipo ndi mmene ndanenera. Kulemba sinditha, ndadinda chala.

Chala cha mboni: Selestina Luis

Wolemba: Konstabulo E. Filesi