Ndinagawa chuma changa, kenako ndinachira

Kale, ana inu, nthawi imene tinkapita ku Nkando wapansi, mwamuna akamwalira katundu wake sankakhala wa ana ake ayi, ankapita kwa ana a mlongo wake. Bambo anga atatisiya, abale awo anabwera misozi isanaume n'komwe, natenga wailesi, makasu, mpaka chitseko anachizula, ndipo ife tinatsala tikungoyang'ana khomo lili pululu. Masiku ano ana amathamangira kukhoti, koma mkangano wake ndi womwe uja.

Ndiye chaka chija ndinadwala chibayo, mpaka amayi a mpingo anabwera kudzandiimbira nyimbo zija amaimbira munthu amene amutaya kale. Ndinati ayi, pa maliro anga ana anga ndi ana a mlongo wanga asadzagwirane pakhosi. Ndinawaitanitsa onse pamodzi ndi mkulu wa mpingo kuti akhale mboni, ndipo ndili chigonere pamphasa ndinayamba kugawa ngati bwana wa kuesiteti. Njinga kwa Fulaye, mwana wa mlongo wanga. Makina osokera kwa mwana wanga Esinati. Nsapato za kutchalitchi ndi zovala, zonse zinapeza eni ake. Kugawa kutandikomera ndinati, "Tsono munda wa nanazi uja..."

Agogo anu aakaziwa anandidula pakamwa. "Munda uti, bambo? Pobwera kudzakwatira kuno munachita kuusenza pamutu?"

Anthu anaseka pamaso pa wodwala, inu! Ndinali nditaiwala kuti ndine mkamwini, nthaka ndi ya akazi anga ndi mbumba yawo.

Koma tsoka lenileni linali m'tsogolo: ndinachira. Tsiku lina ndadzuka bwinobwino, ndikuti ndipite kumsika, njinga kulibe, Fulaye akuchita nayo kabaza ku Muloza. Nditamuitanitsa anati, "Amalume, munapereka nokha pamaso pa mboni. Koma kwerani kumbuyoku, inu simulipira." Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi ndi patapata, n'kukhala kumbuyo, ndikuona nsapato zanga zikupita kutsogolo kukaponya chopereka. Zinandiwawa, ndisakunamizeni.

Komabe taonani, mpaka lero Fulaye ndi Esinati sanatukwanepo, aliyense akudziwa chake, ndipo anachimva kuchokera pakamwa panga, osati kwa anthu onong'ona pamaliro. Zimenezo zokha zimandigonetsa tulo.

Choncho mukadzakula, nenani za katundu wanu mpweya ukadalipo, abale a mbali zonse ali pompo, ndipo muyambe mwafunsa mayi wa pakhomo kuti chanu chenicheni n'chiti. Koma chonde, muzidzanena kuti adzatenge mukadzapita, osati lero. Ine ndinafulumira. Jekete ndavalayi ndinagula ndekha ndili mnyamata, koma ndachita kubwereka kwa mwamuna wa Esinati, ndipo akuti mawa akuifuna.